Ndalankhula naye, ali bwino

Lolemba pa 13 Marichi 2023, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndinawanamiza amayi anga. Ndinali nditausa mvula pakhonde la golosale ina kufupi ndi komwe ndimakhala mu Blantyre muno, magetsi atazima kuyambira dzulo lake, foni itatsala pang'ono kuthima. Iwo ankaimba ali kumudzi ku Ntcheu. Anali atamva pa wailesi ya aneba kuti ku Chilobwe phiri lagumuka, ndipo ku Chilobweko n'komwe mlongo wanga wamng'ono ankachita lendi, kumtunda ndithu, m'tsinde mwa phiri la Soche.

"Iwe, mlongo wakoyu wamupeza? Kuno foni yake sikulowa."

"Eya amayi, ndalankhula naye. Ali bwino, kungoti foni yake yatha moto. Inu musadandaule."

Ndinali ndisanalankhule naye. Kuyambira mbandakucha ndinali nditamuimbira maulendo osawerengeka, koma ankandiyankha ndi mayi uja wa mufoni wonena kuti nambala mwaimbayi sikupezeka. Mawu ajawo anangotuluka okha, osaganizira n'komwe. Amayi ali ndi BP, amakhala awiriwiri ndi kamdzukulu kawo, ndipo chipatala chili patali. Ndinawamva akupumira m'mwamba, n'kuti, "Ambuye alemekezeke," kenako anadula kuti asunge mayunitsi. Ine ndinadziona ngati ndachita zaumunthu.

Nthawi yapitapo ndithu koma nkhaniyi sinandichoke. Funso lomwe limandivuta ndi lakuti, zinthu zikathina, anthu ali ndi mantha, kodi amene akufunsidwa ali ndi ufulu wobisira anzake choonadi kuti mitima yawo ikhale m'malo? Funsoli ndi la mwana amene akulankhula ndi mayi ake pafoni. Ndi lomwelonso kwa nduna yomwe yakhala kutsogolo kwa makamera, kwa dokotala, kwa amfumu, kwa abusa, ngakhale kwa inu amene muli adimini wa gulupu ya WhatsApp ya kubanja kwanu.

Bodza langalo sindinalipeke ndekha, ndinkaganiza kuti ndikutsata mwambo. Kwathu kuno uthenga wa maliro sauponya ngati mwala. Agogo aamuna atamwalira ndinali ku sekondale yogonera konko, ndipo amalume anabwera kudzanditenga. Anangoti, "Agogo ako matenda akula, tiye ukawaone." Ulendo wonse sanatchule za imfa. Koma anali atavala jekete lawo la kutchalitchi pakati pa sabata, ankalankhula motsitsa, ndipo titatsika basi anagula shuga ndi mchere wambiri kuposa wa banja limodzi. Pomwe ndinkaona masamba ataikidwa pamsewu wolowera kumudzi kwathu, mtima unali utadziwa kalekale. Ndinalira, koma sindinagwe. Amalume anali pambali panga, atandigwira phewa.

Ndiye Lolemba lija ndinkati ndikuchita zomwe anachita amalume. Nditadula foni ndinauyamba wapansi kulowera ku Chilobwe. Zomwe ndinaona kumeneko sindizifotokoza zonse, ambiri munaziona pa mafoni anu. Matope anali atatsetsereka kuchokera kuphiri limodzi ndi miyala ina yaikulu ngati nyumba, ndipo pomwe panali mizere ya nyumba panali chigwembe. Chipinda cha mlongo wanga chinali chitadzadza matope mpaka pazenera, khoma limodzi kulibe. Aliyense amene ndinamufunsa anali akufunafunanso wake. Ndinapita kusukulu komwe anthu anathawira, ndinayang'ana kalasi ndi kalasi. Lachiwiri m'mawa ndinazungulira m'mawodi ku Queens, kenako ndinakaima pamzere wa kumochale, pamodzi ndi anthu ena ambiri amene ankalowa kukavundukula nsalu kuti aone nkhope.

Nditatuluka mmenemo osamupeza, mphamvu zonse zinandithera. Ndinatchajitsa foni pa kashopu kena komwe kanali ndi jenereta, n'kuimbira amayi.

"Amayi, dzulo lija ndinakunamizani. Sindinalankhule naye. Ndamufuna paliponse, sakuoneka."

Anakhala chete kanthawi. Kenako anandifunsa, mawu ali phee, "Nanga kwa mnzake uja wapitako?"

"Mnzake utiyo?"

Nkhani yake inali yotere. Lamlungu masana mlongo wanga anaona kuti khoma la chipinda chake layamba kung'aluka ndipo madzi akutulukira pansi. Anayesa kundiimbira koma ine ndinali nditathimitsa foni posunga moto. Ndiye anaimbira amayi n'kuwauza kuti mvula ikadulako pang'ono apita kukagona kwa mnzake wa kukwaya ku Chitawira, ndipo anawatchulira nambala ya mnzakeyo. Amayi anailemba kuseri kwa kabuku kawo ka kuchipatala. Pomwe ankandiimbira Lolemba lija, ankafuna kudziwa ngati anapitadi kapena mvula inamutsekera m'nyumba. Nditati ndalankhula naye, anaona kuti palibe chifukwa chondiuzira zomwe ndikuzidziwa kale. Anandiwerengera nambala ija, ndinaimba, kafoni ka mabatani kanaitana, ndipo patapita kamphindi ndinamva mawu a mlongo wanga. Anali komweko masiku awiri onsewo, foni yake itathima ndi manambala athu onse ali momwemo. Ndani masiku ano amaloweza nambala ya m'bale wake?

Tsiku ndi theka ndinayenda m'matope, ndinaona nkhope za akufa zomwe mpaka lero zimandibwerera kutulo, pomwe yankho linali kuseri kwa kabuku ka BP ku Ntcheu. Amene anatseka njira yoti yankholo lindipeze ndinali ine ndemwe.

Apa m'pomwe ndinayamba kuona kuti zomwe ndinachita ine ndi zomwe anachita amalume n'zosiyana. Mawu akuti "matenda akula" ndi chiyankhulo chomwe tonse timachidziwa. Munthu wamkulu akaamva amadziwa kuti akonzekeretse mtima, ndipo wonenayo amadziwa kuti womverayo wadziwa. Mawu aliwonse a amalume ankandisendeza kufupi ndi choonadi, pomwe mawu anga anawatembenuza amayi kuti ayang'ane kwina. Amalume anayenda nane mpaka pakhomo la siwa, ine ndinadula foni. Komanso nkhani ya agogo inali itatha, panalibe chomwe ndikanachita kuti isinthe. Nkhani ya mlongo wanga inali ikadali m'kati, ndipo amayi sanali ongomvera chabe, anali ndi mbali yawo ya nkhaniyo m'manja.

Tsopano tiyeni tichoke pakhonde la golosale tipite kwa omwe amalankhula ku mtundu wonse. Iwonso ali ndi chifukwa chawo, ndipo si chopusa ayi. Amati anthu akauzidwa zonse achita chipwirikiti, athamangira kumabanki, aphwanya mashopu, apondana pothawa. Ndiye bola kuwauza kuti zonse zili bwino, boma likuchitapo kanthu, khalani mwabata. N'chimodzimodzi BP ya amayi anga, kungoti apa odwala BP ndi dziko lonse.

Koma zomwe ndinaona ku Chilobwe sizigwirizana ndi maganizo amenewa. Anthu aja anali ataona choipitsitsa ndi maso awo, palibe amene akanawabisira kanthu. Sindinaone akupenga. Ndinaona anyamata akukumba ndi makasu, mafosholo, ena ndi manja enieniwa. Ndinaona azimayi akuphika phala la ana a eni ake, akabaza akunyamula ovulala, bambo wina ataima pamwala n'kumaitana mayina a omwe apezeka amoyo. Omwe anali ngati asokonezeka mutu tinali ife osadziwa, oyendayenda ndi chithunzi cha m'bale wathu pafoni. Munthu akadziwa chomwe chagwa amapeza chochita, ngakhale chikhale chowawa chotani. Kusadziwa n'komwe kumazunguza.

Amene munali akuluakulu mu 2012 mukukumbukira sabata ya Pasaka ya chaka chimenecho. Lachinayi pa 5 Epulo, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anagwa kunyumba ya boma ku Lilongwe n'kuthamangira naye ku Kamuzu Central. Usiku wake ndege inanyamuka naye kupita ku South Africa, ndipo Amalawi anauzidwa kuti akukalandira chithandizo. Lachisanu Loyera nyumba zofalitsa nkhani za kunja zinali zikunena kale kuti wamwalira, koma kuno kunali zii. Usiku wa tsikulo nduna zisanu ndi imodzi zinaonekera pa kanema wa MBC, zomwe anthu anadzazitcha Midnight Six, ndipo nkhani yawo yaikulu inali yakuti Joyce Banda sangalowe m'malo chifukwa anayambitsa chipani chake. Za imfa sanalengeze. Boma linavomera Loweruka pa 7 Epulo, tsiku lomwe mayi Banda analumbiritsidwa monga momwe malamulo a dziko amanenera. Kafukufuku yemwe anachitika pambuyo pake anapeza kuti mtsogoleriyo anamwalira pa 5 pomwepo.

Wina atha kunena kuti masiku awiri amenewo anali ngati ulendo wa pabasi ndi amalume, kukonzekeretsa mtundu pang'onopang'ono. Funso lomwe limasiyanitsa n'lakuti, nthawi yomwe yagulidwa ndi kubisako ikuthandiza ndani? Maola a amalume anathandiza ine. Masiku awiri a mu Epulo 2012 ankathandiza omwe ankafuna mpata wokonza za mpando. Ndipo ndisanaloze chala patali, ndidzifunse ndekha. Lolemba lija, kodi ndinkateteza BP ya amayi yokha? Ndikanena zoona, ndinkadzitetezanso ndekha. Sindinkafuna kumva amayi akulira pafoni ine ndilibe chowayankha, sindinkafuna kuti mantha anga atuluke pakamwa n'kukhala enieni. Nthawi zambiri tikamati "anthu sangazipirire," amene sangapirire ndi ifeyo onenafe.

Bodza la pa tsoka lili ndi ngongole yomwe imabwezedwa pa tsoka lotsatira. Anthu akaona kamodzi kuti mawu akuti "zonse zili bwino" atha kunenedwa mtembo uli mundege, tsiku lina mukadzawauza zoona zenizeni adzayang'ana kumbali. Ndimaganizira zimenezi ndikakumbukira za anamapopa mu 2017. Mphekesera zinayamba mu Sepitembala cha ku Mulanje ndi Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu, Nsanje mpaka mu Blantyre. Anthu anaphedwa pongoganiziridwa, midzi inkagona panja, misewu inatsekedwa ndi magulu olondera, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe. Akuluakulu ananena zoona, kuti anamapopa kulibe. Koma kunena kuti "zimenezo n'zabodza" kwa munthu amene wagona panja sabata yathunthu kumamveka ngati mukumuti ndi mbuli. Iye mantha akuwamva m'thupi mwake, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati wolankhulayo sanayambe wakhala pansi kumva chomwe anthu akuopa, komanso ngati mbiri yake ndi ya "zonse zili bwino," choonadi chake chimalemera mofanana ndi mphekesera ya pachigayo.

Pali vuto linanso lomwe Freddy anandiphunzitsa, loti uthenga utha kukhala woona koma osafika. Tisanamizane, chenjezo linalipo. A zanyengo analengeza masiku angapo namondweyo asanafike, mawailesi ananena, mauthenga anayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook. Namondwe ameneyu anakhala masiku 36 akuzungulira, kuchokera kufupi ndi Australia, kuwoloka nyanja yonse ya Indian, ndipo pa 11 Marichi anagunda Mozambique kachiwiri cha ku Quelimane. Sanatidzidzimutse ngati mphenzi. Komabe m'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala.

Ine ndinawerenga machenjezo amenewo pafoni yanga, ndipo ndikuvomera kuti sanandisunthe. Ndinaona manambala a mamilimita a mvula, koma kodi mamilimita 200 ndi madzi ofika pati, m'kakolo kapena m'chiuno? Ndinaona mawu omwe timawamva dzinja lililonse, akuti amene muli m'malo otsika samukirani kumtunda. Kwa ine mawu amenewo ndi a anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa, a m'mbali mwa Shire ndi Ruo. Mlongo wanga ankakhala kumtunda kale. Ndinkaona ngati pa tonsefe iyeyo ndiye ali pabwino. Sindinaganize kuti dothi la paphiri lopanda mitengo likamwa madzi masiku atatu limalemera n'kusiyana ndi thanthwe lomwe lili pansi pake, ndipo likanyamuka limatenga chilichonse.

Chonsecho mawu a chinthu chimenechi tili nawo. Agogo athu ankati napolo. Anthu a ku Zomba amakumbukira napolo wa mu Disembala 1946, a ku Phalombe amakumbukira wa mu Marichi 1991 pomwe phiri la Michesi linagumuka n'kupha anthu mazanamazana. Ophunzira ena amawapewa mawuwa chifukwa amabwera ndi nkhani ya chinjoka chotuluka m'phiri kupita kunyanja. Koma gogo wa ku Phalombe mukamuuza kuti kukubwera napolo sakufunsani za mamilimita. Amadziwa kuti zimachokera kumwamba, zimatsata makwawa, zimamveka ngati magalimoto ambiri akubwera pamodzi, ndipo sudikira kuti uone. Ndikanamva kuti "amene muli m'tsinde mwa Soche, Ndirande ndi mapiri ena, chokani lero kusanade, kutha kutsika napolo," ndikhulupirira kuti ndikanayatsa foni ija Lamlungu. Udindo wa wochenjeza suthera pa kunena zoona. Ayenera kuzinena m'mawu omwe womvera akaamva aimirira.

Ndipo akaimirira apite kuti? Apa m'pomwe mauthenga ambiri amathera panjira. Kuuza munthu kuti choka osamuuza kopita, zoyendera, komanso amene amuyang'anire katundu wake, kuli ngati kumuuza wodwala kuti chira. Mlongo wanga anachoka chifukwa anali ndi mnzake wa kukwaya wokhala ndi mphasa yapadera. Aneba ake ena anaona ming'alu yomweyo, anamva machenjezo omwewo, koma anali ndi ana anayi, mbuzi, matumba a makala a geni, ndipo analibe kolowera. Ena mwa iwo sitinawaonenso. Sindingawanene kuti anali osamva.

Tinaziona zomwezi pa Covid-19. Mu Epulo 2020 boma linalengeza kuti kuyambira pa 18 dziko likhala pa m'bindikiro wa masiku 21. Matendawo anali enieni, uthengawo sunali wabodza. Koma mavenda anatuluka m'misewu, chifukwa funso lawo linali limodzi, tidya chiyani? Pa 17 Epulo khoti lalikulu linaimitsa m'bindikirowo. Munthu amene amadya zomwe wapeza tsiku lomwelo sangamve uthenga wa kachilombo ngati uthengawo sunayankhe za ufa. Aliyense wolankhula ku gulu pa nthawi yovuta amayenera kuyamba wadzifunsa kuti, munthu akandimva, mawa m'mawa achita chiyani ndi zomwe ali nazo?

Nthawi yomweyo ya Covid inatipatsanso chitsanzo cha mbali inayo. Mu Meyi 2021 unduna wa zaumoyo unatentha poyera katemera wa AstraZeneca okwana 19,610 yemwe anali atapitirira masiku ake, atolankhani akujambula. Zinali zochititsa manyazi, dziko losauka kuwotcha mankhwala omwe ena akuwasowa. Kukanakhala kosavuta kungomutaya mwakachetechete. Koma mphekesera inali itayamba kale yakuti anthu akubayidwa katemera wotha ntchito, ndipo njira yoithetsa inali kuonetsa anthu utsiwo. Pamenepo akuluakulu anasankha manyazi a tsiku limodzi kuti mawu awo adzakhalebe ndi mtengo mawa lake.

Sindikunena kuti chilichonse chinenedwe nthawi ina iliyonse. Pali zinthu zoyenera kudikira. Dzina la womwalira lisamveke pa wailesi mayi ake asanauzidwe. Chithunzi cha mtembo chisayende m'magulupu. Koma kusunga chinthu n'kosiyana ndi kunama. Wapolisi akati, "Tapeza matupi atatu, mayina sitinena mpaka abale adziwe," wanena zoona zokhazokha, ndipo wanenanso chomwe akusunga ndi chifukwa chake. Womvera akudziwa pomwe waima. Chimodzimodzinso mawu akuti "sitikudziwa." Atsogoleri amawaopa mawuwa ngati kuti akawanena mpando uwagwetsa, koma ine munthu akandiuza kuti apa tikudziwa, apa sitinadziwe, tikuchita zakutizakuti, inu chitani izi, tilankhulanso 6 koloko madzulo, ndipo 6 koloko ikakwana n'kubweradi ngakhale alibe chatsopano, ameneyo ndimamukhulupirira kuposa wodziwa zonse.

Ndiye pali ifeyo. Kale wolengeza anali mmodzi pamudzi, ankakwera pachulu madzulo n'kukuwa, ndipo akanama aliyense ankadziwa khomo lake. Lero aliyense wa ife ali ndi chulu chake m'thumba. Sabata ya Freddy, mu gulupu ina yomwe ndilimo munalowa voice note ya munthu wopuma wefuwefu, akuti damu lina latsala pang'ono kuphulika, aliyense athawe. Dzina lake sanatchule, komwe wazimva sananene. Inayenda ngati moto wolusa, ndipo ena amene anaitumiza ndi anthu abwinobwino, okonda abale awo. Ankati bola kuchenjeza. Koma chenjezo labodza limatulutsa anthu m'nyumba zolimba usiku kukalowa mumvula, limadzadza netiweki yomwe wina akuifuna poitana thandizo, ndipo limapangitsa kuti chenjezo lenileni likabwera anthu ati ndi zomwe zija. Amene amati "zonse zili bwino" asakudziwa ndi amene amati "tonse tikufa" asakudziwa achita tchimo limodzi, onse alankhula motsimikiza zomwe sanazione. Musanadine kuti uthenga upite, dzifunseni ngati mungautchule ndi dzina lanu pamaso pa munthu amene ati auchitepo kanthu.

Chomwe chinandikhudza kwambiri pa nkhani yanga ndi chakuti bodza limatseka makutu a wonama yemwe. Tikamaganiza za kulankhula ku gulu pa nthawi ya tsoka timaona ngati madzi otsika phiri, odziwa ali pamwamba, osadziwa ali pansi. Koma pa tsoka palibe amene amaona zonse. Wa muofesi ali ndi mapu ndi zithunzi za setilaiti, mayi wa m'tsinde mwa phiri ndi amene waona kuti kasupe watulukira pomwe sipanatulukepo madzi. Wakabaza akudziwa mlatho womwe waduka, namwino wa kumudzi akudziwa kuti ana otsegula m'mimba achuluka sabata ino. Mukawauza anthu amenewa kuti zonse zili m'manja, amasunga zomwe akudziwa, ngati momwe amayi anasungira nambala ija. Mukawauza kuti tikufunafuna ndipo sitinapeze, amatsegula kabuku.

Funso limodzi lokha limandibwererabe, ndipo sindilithawa. Bwanji ndikanawauza zoona Lolemba lija BP n'kuwagwetsa? Bwenzi lero ndikulemba kuti choonadi n'chabwino? Mantha amenewo anali enieni. Koma ndikaganiza bwino, njira inalipo, ndipo ndi ya amalume yomwe ija, ine ndinangoitengera theka. Ndikanati, "Amayi, ndikuimbiraninso pakangopita mphindi khumi." Ndikanaimbira azakhali omwe amakhala kutsidya kwa dambo kuti apite akakhale nawo, aonetsetse kuti amwa mankhwala. Kenako ndikanaimba n'kunena kuti, "Amayi, sindinamupeze. Anthu ambiri mafoni awo athima chifukwa kulibe magetsi, ndiye kusayankha kwake sikukutanthauza kuti kwaipa. Ndikupita komweko panopa, ndiimbanso 1 koloko. Kodi inu munalankhula naye liti komaliza, ananena chiyani?" Mawu onsewo ndi oona, ndi ofewa, ndipo funso lomalizalo likanandifikitsa ku Chitawira nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Chifundo chinayenera kukhala pa kanenedwe, pa nthawi, ndi pa munthu wokhala nawo pambali. Ine ndinachiika pa kusintha nkhaniyo.

Madzi ataphwa tinapita tonse awiri kumudzi. Amayi anamukumbatira mlongo wanga nthawi yaitali, kumugwiragwira kumaso ngati khanda. Ine sanandikalipire. Madzulo tikukazinga chimanga anangoti, "Unkaona ngati ndine mwana eti? Ine ndaika m'manda bambo ako, ndaika ana awiri. Ukanandiuza, bwenzi titamufuna limodzi." Ndinapepesa, anavomera, koma pepani sapoletsa chilonda.

Masiku ano mlongo wanga amakhala kufupi ndi ine, kumalo athyathyathya, ndipo tonse tili ndi kapepala m'chikwama kolembapo manambala asanu. Dzinja lathali kunagwa mvula yamphamvu usiku wonse, m'mawa mwake amayi anaimba. Ndinawauza kuti tadzuka bwino, madzi sanalowe m'nyumba, mlongo wanga ali pompano akuphika tiyi. Zonsezo zinali zoona.

"Chabwino," anatero amayi. "Tamupatsa foniyo ndimve mawu ake."